Mawu a Bambo Ali kwa Mkazi Wina

Foni ya Mzime inayamba kukana kujambula Loweruka lina masana, iye ndi Ticha atakhala pa benchi kuseri kwa sitolo ya zakumwa kumene ankakonda kukumana. Ankafuna kumujambula akuseka, chifukwa Ticha akaseka ankatsinzina diso limodzi ngati mwana, koma pagalasi panangobwera uthenga woti malo atha. Anayesanso. Uthenga womwewo.

Ticha anaitenga foniyo, n'kuyang'ana m'kati, n'kupukusa mutu. Anati sanaonepo munthu wopanikiza katundu wochuluka chotere m'kanyumba kakang'ono, ndipo mng'alu wa pakona ya galasi ukusonyeza kuti tsiku lina foniyo idzagona osadzukanso. Anamuuza kuti afufuteko zina.

"Mulibe chofufuta umo," anatero Mzime, akuilanda.

Ndipo munalibedi. Mzime anali womaliza kubadwa kwawo, ndipo dzinali anamupatsa ndi bambo ake, mpaka linamukanirira ngakhale kuntchito. Bambowo anamwalira chaka chatha. Anali kalipentala wa zala zikuluzikulu zosatha kulemba meseji, choncho m'mawa uliwonse ankamutumizira uthenga wa mawu. Ankayamba ndi kutsokomola, kenako n'kunena kuti, "Mzime, ndi ine bambo ako," ngati kuti panali munthu wina padziko amene akanatsokomola choncho. Mauthenga amenewo anali ambirimbiri m'fonimo. Munalinso zithunzi zawo ali pa shedi utuchi uli mbuu m'mutu, ndi vidiyo imodzi imene ankavina ndi amayi pabalaza, amayi akuwakankha kuti akuwaponda zala. Mzime akatopa ndi anthu ankavala mahedifoni n'kuwamvera bambo ake akumufunsa ngati wadya.

Ticha sanawapeze bambowo ali moyo. Iye ndi Mzime anadziwana maliro atapita kale, pamene Mzime ankaphunzira kuyendetsa galimoto. Ndi amene ankamuphunzitsa, ndipo ngakhale laisensi inatuluka chikondi chitayamba kale, Mzime sanasiye kumutchula kuti Ticha. Anali munthu wofatsa, wosakalipa ngakhale wophunzira atazimitsa galimoto pakati pa msewu. Tsiku lomwe anamufunsira anamuuziratu kuti ali ndi mwana wamwamuna, koma iye ndi mayi wa mwanayo anasiyana zaka ziwiri zapitazo, ndipo chowalumikiza ndi mwana yekha. Mzime anaona kuti mwamuna wonena zoona tsiku loyamba ndi wosowa. Mkulu wake sanaone choncho.

*

Mawa lake Mzime anapita kwa mkulu wakeyo, osati kukaona iye kwenikweni, koma alamu ake, amene ankakonda zamakompyuta ndipo ankasangalala wina akawafunsa.

Alamuwo anasiya nyuzipepala n'kuyamba kufotokoza. Anati pali makampani angapo osunga zithunzi ndi mafayilo pa intaneti, kumene achinyamata amati pa klaudi, kutanthauza mtambo. Ambiri amapereka malo ochepa aulere, ukadzaza umalipira kangachepe pamwezi. Ena amachepetsa zithunzi kuti zikwane zambiri, ena amazisunga momwe zilili. Ena ukafufuta chinthu mwangozi amakusungira kwa milungu ingapo chisanatheretu. Anamulangiza kuti pa zinthu za bambo asankhe osachepetsa, ndipo asadalire malo amodzi: zikakwera pa klaudi, zina azikopere pa laputopu. Koma chachikulu pa zonse, anatero akugogoda patebulo, akaunti ikhale yake, pa imelo yake ndi nambala yake, chifukwa mwini nambala ndiye mwini chitseko. Laputopu yawo inali kuntchito, choncho anamuuza kuti abwerenso kumapeto kwa sabata adzachitire limodzi.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma mkulu wake, amene ankasita zovala za ana pakona ya balaza, anaimika simbi.

"Wamva? Nambala yako. Osati ya bambo wa mwana uja."

Mzime anati nkhaniyi ndi ya foni, sakuona pomwe Ticha akulowerapo. Mkulu wake anayankha kuti masiku ano Ticha akulowa paliponse, ngakhale m'mbale. Anati mwamuna sasiyana ndi mayi wa mwana wake, amangopita kutchuthi. Anafunsa ngati Mzime anamuonapo mwanayo, kapena mbale wake wa Ticha ngakhale mmodzi. Mzime anati anafika kumene Ticha amakhala, kangapo konse.

"Kachipinda kaja ka bedi ndi ketulo? Ndi nyumba imene ija, kapena posinthira malaya?"

Alamu anayesa kuseka kuti nkhani ipepuke, koma palibe anawathandiza. Mzime anauza mkulu wake kuti chiyambire sanakondwerepo naye munthu aliyense amene Mzime anabwera naye, ndipo bambo akanakhalapo sakanamulola kulankhula choncho. Mkulu wake anati bambo akanakhalapo akanamufunsa Ticha mafunso amene Mzime akuopa kufunsa. Mzime anatenga chikwama chake n'kutuluka osatsanzika, ana a mkulu wake akumuitana pakhonde.

*

Anafika kwa Ticha maso ali ofiira. Chipindacho chinali kuseri kwa nyumba ina pafupi ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Munali bedi, mpando umodzi, ketulo yamagetsi ndi malaya angapo opachika pamsomali. Kwa kanthawi Mzime anachiyang'ana ndi maso a mkulu wake, kenako anadzidzudzula mumtima.

Anamufotokozera zonse. Ticha anamvetsera osamudula, akumusisita dzanja. Koma atafika pa alamu ndi laputopu yawo, anadzuka n'kukhala tsonga. Anafunsa chifukwa chake Mzime ankafuna kudikira sabata yathunthu ndi foni yodwala, n'kumalipiranso mwezi ndi mwezi, pomwe iye ali ndi akaunti yolipira kale, ya malo oti sangawadzaze mpaka kukalamba. Anati zithunzi zawo zikhale pamodzi, popeza eni akenso posachedwa akhala pamodzi.

Mzime anakumbukira za imelo yako ndi nambala yako zija. Koma anazikumbukira m'mawu a mkulu wake, ndi kamlomo kopotoka kaja. Anapereka foni.

Ticha anailumikiza ku intaneti ya eni nyumba. Imelo ndi mawu achinsinsi analemba atatembenukira kukhoma, akuti kuwala kwa pazenera kukumuthobwa m'maso. Mzime atafunsa mawu achinsinsiwo, anati amutumizira pa meseji, koma foni yalowa kale ndipo sidzafunsanso. Anakhala masana onse akumwa tiyi m'kapu imodzi, akuyang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda ngati kakukakamizidwa. Mauthenga a bambo Ticha anawasamutsa mosamala, n'kuwaika m'malo awoawo. Kamzere katafika kumapeto, foni inafunsa ngati ichotse zonse zimene zasungidwa kale kuti malo apezeke.

"Ndidine?" anafunsa Ticha.

"Sizisowa?"

"Zili kwa ine. Zingasowe bwanji?"

Mzime anavomera ndi mutu, Ticha anadina. Kenako anamusonyeza kuti zonse zilipo: anatsegula uthenga umodzi, foni inaganiza pang'ono, ndipo bambo anatsokomola m'kachipindamo. Mzime analira, Ticha anamukumbatira, ndipo atapukuta misozi anamujambula zithunzi zambiri, zina ali yekha, zina Mzime atatsamira pachifuwa chake.

Atafika kwawo anauza amayi ake kuti asadenso nkhawa, bambo tsopano ali mumtambo. Amayi anayankha kuti zimenezo akuzidziwa kale, abusa ananena pamaliro. Anaseka awiriwo mpaka amayi anagwira nthiti, ndipo aka kanali koyamba kuseka chotero m'nyumbamo chimwalirire bambo.

Meseji ya mawu achinsinsi sinabwere. Mzime anakumbutsa kamodzi, Ticha anati waiwala, ndipo nayenso anaiwala.

*

Panapita milungu ingapo zonse zili bwino. Kenako linafika tsiku limene bambo akanakwanitsa chaka china. Linali Lamlungu, ndipo mkulu wake wa Mzime anabwera ndi mwamuna wake kudzakhala ndi amayi. Mzime ndi mkulu wakeyo anali asanalankhulane chichokere pa mkangano uja. Anapatsana moni ngati anthu okumana pa depoti.

Atatha kudya, amayi anapukuta manja n'kukhala pampando wawo. Anati safuna zambiri lero, angomva mawu a mwamuna wawo, ndipo ngati n'kotheka aonenso kuvina kuja.

Mzime anatulutsa foni monyadira pang'ono, podziwa kuti mkulu wake akuyang'ana. Anatsegula. M'malo mwa zithunzi panabwera tsamba loyera lomupempha kuti alowenso, chifukwa mawu achinsinsi asinthidwa. Anatseka n'kutsegulanso. Anazimitsa foni n'kuiyatsa. Tsamba lomwelo.

Anatuluka pakhonde n'kumuimbira Ticha. Foni inaitana mpaka kuduka. Kachiwiri anayankha, kumbuyo kukumveka phokoso la mwana ndi wailesi, ndipo anati ali kwa mnzake. Anamvetsera nkhaniyo mpaka kumapeto. Kenako anati mwina ndi netiweki. Mzime anati netiweki sisintha mawu achinsinsi. Ticha anamutchulira mawu ena, Mzime analemba, foni inakana. Anamutchulira enanso, inakananso. Anati amuimbira posachedwa, n'kudula.

Mzime atalowa, alamu anapempha kuti aione foniyo. Anafunsa mofatsa kuti imelo imene yalembedwa pamwambapo ndi ya ndani, chifukwa inangooneka chilembo choyamba ndi timadontho. Mzime anati ndi ya Ticha. Anafunsa ngati m'fonimo munatsala kalikonse. Mzime anapukusa mutu. Alamu anabweza foniyo.

Mzime anadikira kuti mkulu wake alankhule. Ankafuna alankhule, kuti apeze wokangana naye. Koma mkulu wake anangoyang'ana pansi n'kumapinda kansalu ka patebulo.

"Musavutike, ana inu," anatero amayi. "Mawu awo ndimawakumbukira."

Anadzuka n'kulowa m'khitchini. Anatsegula mpopi, ndipo madzi anatuluka nthawi yaitali, ngakhale mbale zinali zitatsukidwa kale.

*

Ticha sanaimbenso tsiku limenelo. Anatumiza meseji yoti akukonza, asade nkhawa, amamukonda.

Lolemba m'mawa Mzime ali m'basi, foni inanjenjemera. Nambala inali yachilendo. Atatsegula anaona bambo ake ali pa shedi, pensulo ili kukhutu, akumwetulira. Pansi pake panali mawu.

"Pepani kukusokonezani. Bambo awa ndi anu?"

Mzime analemba kufunsa kuti ndi ndani ndipo chithunzicho wachitenga kuti. Yankho linabwera nthawi yomweyo, ngati munthuyo anali atalikonza kale.

"Ndachipeza pakati pa zithunzi za mwana wanga. Pa akaunti yanga."

Mzime asanayankhe panabwera chithunzi china. Anali iye mwini, tsitsi lili nyankhalala, atatsamira pachifuwa cha Ticha pa bedi lija. Anatembenuza foni msanga kuti mayi wokhala pambali pake asaone.

Mauthenga anapitiriza kubwera, aulemu, opanda chipongwe ngakhale chimodzi, ndipo ulemuwo ndi umene unkamupweteka kwambiri. Mayiyo anati nambala ya Mzime waipeza pa kalata yofunsira ntchito imene inakwera limodzi ndi zithunzizo. Anati safuna kukangana pafoni. Anatchula msewu umene uli ndi shopu yake yosoka makatani, n'kunena kuti amapezeka masana onse.

Mzime anapitirira siteji yake osazindikira. Ankaganiza za zonse zimene zinali m'foni ija: zithunzi zoyesa madiresi pagalasi, mapepala a kuchipatala a amayi, nkhope ya bambo masiku awo omaliza, imene ngakhale abale sanaione. Milungu yonseyi, chilichonse chimene ankajambula chinkakafika m'manja mwa mkazi amene sanamuonepo.

*

Anamupeza Ticha pabwalo la sukulu yawo akupukuta galasi la galimoto. Atamuona nkhope, Ticha anasiya nsanza pa boneti n'kumutsegulira chitseko kuti akalankhulire m'kati, anzake asamve. Mzime analowa n'kumupatsa foni. Ticha anawerenga.

"Akaunti ija ndi ya ndani?"

Ticha anayamba ndi kunena kuti mayi uja ndi wovuta, Mzime asamumvere. Mzime anabwereza funso lomwelo, osakweza mawu. Apo ndi pomwe zinayamba kutuluka, pang'onopang'ono, chilichonse chochita kukoka. Akauntiyo anatsegula ndi mayi wa mwanayo mwana atangobadwa, kuti azisungamo zithunzi zake. Imelo inali ya mayiyo, nambala inali ya mayiyo, wolipira analinso mayiyo. Ticha ankangodziwa mawu achinsinsi. Anati ankaganiza kuti mayiyo anasiya kuyang'anamo. Anati zinamupweteka kumva kuti Mzime wapita kwa alamu ake ndi vuto limene iye akanatha kulithetsa, pomwe banja lonse limamuona ngati wopanda pake. Ankangofuna kuti kamodzi kokha akhale iye wothandiza.

"Ndinachita chifukwa chokukonda, Mzime."

"Munatembenukira kukhoma," anatero Mzime. Chiyambire chibwenzi chawo anali asanamutchulepo kuti inu, ndipo Ticha anamva. "Munati kuwala kukukuthobwani. Ndinakufunsani ngati sizisowa, munandiyang'ana m'maso. Mumadziwa kuti bambo anga ndilibenso kwina kowapeza, munadina."

Ticha anagwira chiwongolero ndi manja onse. Analumbira kuti palibe chafufutidwa, zonse zibwera, amupatse masiku ochepa akalankhule ndi mayiyo. Mzime anati dzulo amayi ake analirira m'khitchini atatsegula mpopi kuti ana asamve, ndipo masiku ena oti apereke alibe. Anati apita yekha.

Apa Ticha anasintha. Munthu wofatsa uja, wosagwedezeka ngakhale lole ikubwera kutsogolo, anamugwira mkono mwamphamvu. Anamupempha kuti asapite. Anati mayiyo amunamiza zambiri, amusokoneza mutu, akufuna kuwalekanitsa. Anati chilichonse chimene Mzime angafune achita, ngakhale kupita kwa amayi a Mzime lero lomwe kukapepesa atagwada, koma kushopu kuja asapondeko.

Mzime anayang'ana dzanja limene linamugwira, mpaka Ticha analichotsa.

"Bodza lija mwavomera kale," anatero. "Ndiye chimene mukuopa n'chiyani?"

Wophunzira wina anagogoda pagalasi kufunsa ngati nthawi yake yakwana. Mzime anatsegula chitseko n'kumusiyira mpando.

*

Panjira anatulutsa foni kuti amuimbire mkulu wake, koma anaibweza m'chikwama. Sakanatha kumva mawu ake, kaya akalipe kaya amumvere chisoni.

Shopuyo inali yaing'ono, pakati pa malo ometera ndi sitolo ya utoto. Makatani amitundumitundu analendewera kuchokera kudenga, ndipo kumapeto kwake, kuseri kwa tebulo lalikulu lodzaza nsalu, kunakhala mayi akupondaponda makina. Mzime ankayembekezera munthu wa maso oopsa ndi pakamwa pakuthwa. Anapeza mkazi wa msinkhu wa mkulu wake, wa nkhope yotopa, tepi yoyezera ili m'khosi. Mayiyo anamuzindikira nthawi yomweyo.

"Mwafika. Khalani, asisi. Chotsani nsaluyo pampandopo."

Sanadzuke. Anazimitsa makina n'kupinda manja patebulo. Anafotokoza kuti mwana wake amaonera makatuni pa tabuleti ya kunyumba, ndipo tabuletiyo imaonetsa zithunzi za pa akaunti ikakhala osaigwira. Tsiku lina mwanayo anabwera nayo kukhitchini kudzafunsa kuti anti amene agona pa adadi ndi ndani. Mayiyo anati za zithunzizo sanafunse aliyense. Anakhala milungu yonseyi akuona zithunzi zikubwera, tsiku ndi tsiku, kufuna kudziwa kuti zifika pati. Loweruka anatopa, n'kusintha mawu achinsinsi.

Mzime anati sankadziwa kuti akauntiyo ndi yake, akanadziwa sakanaikamo ngakhale chithunzi cha maluwa. Mayiyo anati akukhulupirira, chifukwa palibe mkazi wanzeru zake angatumize dala mapepala a kuchipatala a mayi ake kwa mkazi mnzake. Kenako anatsitsa maso.

"Ndinamvera uthenga umodzi wa bambo anu. Sindinayenere kutero, mundikhululukire. Nditamva ndinadziwa kuti sindingafufute."

Mzime anabwera atakonzeka kumenyera bambo ake, ndipo tsopano sankadziwa poika manja. Mayiyo anati zonse za Mzime wazikopera kale pa fulashi, mauthenga, vidiyo ndi zithunzi, ngakhale zija zimene akanakonda kuziwotcha. Anamulangiza kuti akatsegule akaunti yakeyake, asadzaperekenso foni kwa mwamuna. Ananena mosanyoza, ngati akuuza kasitomala nsalu yosachedwa kucha.

"Koma ndifunseko chimodzi. Anakuuzani kuti ine ndi ndani?"

"Anati ndinu mayi wa mwana wake. Anati munasiyana."

"Liti?"

"Zaka ziwiri zapitazo."

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kuyang'ana kudenga. Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi dzanja limodzi, lina anagwira m'chiuno, n'kudzuka movutikira kuti akatenge fulashi pa shelefu.

Mzime anaona chimene tebulo ndi mulu wa nsalu zinabisa. Mayiyo anali ndi pakati, pakati pakulu, poti mwezi wamawa sungathe asanachire.

M'shopumo munangomveka makina a kometera kuseri kwa khoma. Mayiyo anabwerera pang'onopang'ono, kafulashi kakuda kali m'manja, n'kuima patsogolo pake osabisa kanthu.

"Dzulo pamene mumamuimbira anali pabalaza panga, akumanga kabedi ka mwana ameneyu," anatero. "Ine ndikamufunsa za akazi ena amati ndine wansanje, ndikulota. Apongozi anga nawonso amati ndikumunamizira mwana wawo."

Mzime anatambasula dzanja. Mayiyo anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana fulashi, koma sanaipereke.

"Bambo anu ndikupatsani, sindine mfiti. Koma apongozi akubwera kwathu Loweruka masana, ndipo iye adzakhalapo. Mubwere mudzanene pamaso pawo zimene mwandiuza pano. Fulashiyi mudzaitengera komweko."

Anaiponya m'thumba la diresi lake, pamwamba pa mimba, n'kubwerera kumakina.